Ulendo wobwerera wa ba Inambao

Apongozi anga aamuna, ba Inambao, anagwira ntchito ya panjanji zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo sanakhalepo mu ofesi kapena kuyendetsa sitima. Ntchito yawo inali kuyenda. Ankadzuka m'mamawa, kunyamula nyundo yaitali ndi sipanala, n'kutsata njanji ya ku Mulobezi wapansi, akugogoda mabawuti a polumikizira zitsulo kuti amve ngati lina lakhwefuka. Anachoka kwawo ku Senanga ali mnyamata mu 1957, nthawi imene njanjiyo inkatuta matabwa a mukusi kuchokera kunkhalango. Akazi awo anamwalira ine ndisanawaone. Ana alipo awiri: ba Nakatindi, amene amagulitsa nsomba zouma ku msika wa Maramba, ndi Mubiana, mwamuna wanga.

Ine ndinalowa m'nyumba yawo ku Linda mu 1994, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi mimba ya miyezi isanu. Sukulu ndinalekera giredi teni. Makolo anga ndi a ku Katete, koma ine ndinabadwira muno mu Livingstone, ndipo ku Katete sindinapondeko. Tsiku loyamba ba Nakatindi anandikhazika kukhitchini n'kundiyalira malamulo a kwawo.

"Aba ni bo ndate, ndiye mwamene uzibaitana. Sudya nabo. Ukabapasa chintu, ugwada, uomba m'manja. Sungabagwire, olo chala. Elo sungabauze ati chitani ichi. Bakakamba, iwe ni eni sha chabe."

Eni sha ndi inde wa ulemu m'Chilozi. Sindinadabwe, chifukwa amayi anga anandilangiza zofanana ndi zomwezo.

Pamene ndinkafika, dzanja lawo lamanja linali litayamba kale kunjenjemera. Akaliika pabondo, chala chachikulu chinkangofikisa chinzake ngati munthu akupota fodya. Akagwira kapu kunjenjemerako kunkachepa, n'chifukwa chake aliyense ankati ndi ukalamba chabe. Kenako nkhope nayo inayamba kuuma. Ankatha kunena nthabwala nkhope ili duu, iwe osadziwa ngati useke kapena ugwade.

Ife tinachita zimene anthu aulemu amachita. Tinawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango n'kuwaletsa chilichonse. Akafuna kuthirira repu wawo kuseri kwa nyumba, Mubiana ankawalanda chitini. Akafuna kupita ku tchalitchi, ba Nakatindi ankati a mumpingo ndiwo abwere kudzapemphera kuno. Nsapato ndinkawapukutira ine, ngakhale kunalibe kumene zinkapita. Patatha chaka, munthu amene ankayenda mailosi asanu ndi imodzi tsiku lililonse ankayesa katatu asanadzuke pampando.

Mu Ogasiti 1995 tinapita nawo kuchipatala. Dokotala anati ndi matenda a Pakinsoni, sachiritsika, koma pali mapilitsi ochepetsako. Anatitumizanso kuchipinda cha kumapeto, kwa ba Mweemba, sisita wachitonga wophunzitsa odwala kuyenda. Iwo anawayendetsa kuchoka pakhomo kufika pawindo, maso ali kumapazi.

"Bankala kuti siku yonse?" anafunsa ba Mweemba.

"Pampando," anayankha ba Nakatindi monyadira. "Sibagwira chilichonse. Tibasunga bwino."

"Mwabasunga bwino maningi. Muzabasunga mpaka baume monga mpando wamene uyo. Baziyenda siku iliyonse."

Ine ndinali nditaima pakhomo, mwana wanga Lungowe ali kumsana. Ndinafunsa kuti aziyenda mtunda wautali bwanji.

"Iyo siningakuuzeni," anatero ba Mweemba. "Bakayenda pang'ono, bazauma. Bakapitiliza, bazagwa, elo mailo sibazauka. Wamene ankala nabo ndiye azaona. Ni ndani ankala nabo?"

Onse anatembenukira kwa ine.

Koma woyamba kuyesa anali Mubiana. Iye amagwira ganyu yonyamula mabwato a mphira a alendo, kutsika nawo m'phompho la kumunsi kwa mathithi ndi kukwera nawo madzulo, choncho kwa iye thupi limamva likapwetekedwa. Lamlungu lotsatira anawaveka atate ake nsapato.

"Mudala uyu ni nsimbi," anatero akunditsinzinira diso, ngati akunena za chitsulo chadzimbiri. "Yachita chabe nguwe. Tifika ku Maramba na kubwela, uzaona."

Anabwera dzuwa litapendeka, Mubiana atawakolowekera paphewa, mapazi awo akukwekwereza fumbi. Anagona masiku atatu, ndipo ankadyetsedwa phala ali chogona. Mubiana amachoka panyumba kusanache, ndiye mkwiyo wa ba Nakatindi unasowa pofikira, unandipeza ine ndikuchapa matewera.

"Mulamu, ba sisita bakamba ati ni iwe. Chabwino, uzibayendesa. Koma mvela. Siku yamene bo ndate bazagwa bali na iwe, uzalonga mapoto yako uyende ku Katete. Mwana ni wa pano, azasala."

Sindikudziwa ngati akanathadi kuchita zimenezo. Sindinafunse munthu. Ndinangokhulupirira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikamanga chitenje cha Lungowe ndinkamanga mfundo ziwiri.

Tinayamba ndi msewu wathu. Iwo patsogolo, ine m'mbuyo, mwana kumsana. Kunena kuti kunali kuyenda ndi kuwakomera mtima. Pageti mapazi awo ankamatirira pansi ngati aponda ulimbo, mawondo akugwedera, thupi likufuna kupita koma miyendo ikukana. Akamasuka, ankayamba timasitepe tating'ono tofulumira, mutu uli kutsogolo, ngati munthu amene wakankhidwa pamtsetse. Ine ndinkathamangira m'mbuyo mwawo manja ali tambasu, osawakhudza. Ndikanawagwira ndikanalakwa, akanagwa ndikanalakwanso. Manja anga ankangokhala m'malere pamenepo mpaka mapewa kuwawa.

Pakona pali shabini, ndipo amuna a pamenepo sagona pa nkhani.

"Mudala, yamene mwamwa lelo ni ya kuti?" anafunsa mmodzi tsiku lina. "Tiuzeni na ise tikagule."

Ba Inambao anaima. Mawu awo anali atachepa kale, moti amunawo anachita kutsamira kuti amve.

"Iyi sibagulisa," anatero. "Ibwela yeka. Lindani chabe."

Anaseka onse, koma ine ndinaona kuti tsiku lotsatira apongozi anakana kudzera pakonapo.

M'mawa wina, kumayambiriro kwa Okutobala, titatuluka pageti anakhotera kumanzere m'malo mwa kumanja.

"Bo ma-Lungowe," anandiitana, monga amandiitanira nthawi zonse, "tiyende ku nchito."

Njanji sili patali ndi kwathu, koma tinatenga nthawi kuti tifike. Ndinkaopa sitima. Iwo anati masiku ake akuwadziwa kuposa masiku a kubadwa kwa ana awo, ndipo lero si tsiku lake. Anakweza phazi kulumpha chitsulo, naponda silipa loyamba, mtengo uja wogonekedwa mopingasa pansi pa njanji. Kenako lachiwiri. Kenako lachitatu.

Ndinaima n'kuwayang'ana. Munthu amene ankalephera kudutsa pageti pake anali kuyenda ngati wina aliyense, phazi pa silipa, phazi pa silipa, msana utawongokako. Patapita nthawi ba Mweemba anandiuza kuti zimenezi n'zodziwika, odwala matendawa amayenda bwino akakhala ndi mizere yoti aziilumpha. Koma tsiku limenelo sindinkadziwa. Ndinkangowatsatira, ndipo posakhalitsa ndinamva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Ndinasangalala, ndipo chisangalalocho ndicho chinandipusitsa. Tinadutsa nyumba zomalizira. Tinadutsa kalavati, kamlatho ka simenti kodutsa madzi pansi. Tinafika kumene kumayambira mitengo ya mopane, kopanda munthu. Pamenepo chidendene chawo chamanja chinayamba kukhula m'mphepete mwa silipa, kamodzi, kawiri, kenako anangoima. Anayesa kutembenuka, miyendo inakana. Pang'onopang'ono anadzitsitsa n'kukhala pa chitsulo.

Amene anakhalako kuno mu Okutobala akudziwa dzuwa lake. Ndinalibe madzi. Mutu wa Lungowe unatentha ngati mbale ya pamoto, ndipo anasiya kulira, zimene zinandiopsa kuposa kulirako. Ndinam'phimba ndi chitenje n'kumuyamwitsa nditagwada pamiyala. Apongozi anali kuyang'ana kumene njanji ikupita.

"Troli yachedwa," anatero.

Patapita kanthawi anatembenuza mutu kundiyang'ana, ndipo ngakhale nkhope yawo sisintha, ndinaona kuti adzimva okha. Anandifotokozera mawu akuduka. Zaka zonse zija ankayenda ulendo wopita wokha. Akafika pachikhomo chawo cha mailosi ankakhala pamthunzi, ndipo wani koloko anzawo ankabwera ndi kangolo kokankha ka panjanji, troli, n'kuwatenga.

"Kubwelela na mendo sininachitepo," anatero. "Mendo yanga iziba kuyenda mpaka mpamvu yasila. Ndiye mwamene inapunzila."

Tinakhala pamenepo mwina maola awiri. Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wogulitsa makala, ba Bornwell, amene ankadutsa m'kanjira ka m'mbali ndi wilibala. Anatsitsa matumba ake, nanyamula apongozi anga ngati mwana n'kuwakhazika muwilibalamo, miyendo ili lende. Tinalowera kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pamaso pa ba Bornwell kuwapempha kuti asauze munthu, ndipo iwo anati alibe nthawi ya nkhani, makala awo ali okha kutchire. Buluku la apongozi lakuda ndi makala ndinalichapa ndi kulisita ba Nakatindi asanabwere kumsika.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Anagona tsiku lathunthu. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu ndinawapeza atavala kale nsapato, zingwe zosamanga chifukwa zala zinawakanika.

"Tiyende ku nchito."

"Eni sha," ndinatero.

Nthawi ino ndinanyamula botolo la madzi, ndipo maso anga sanachoke pa iwo. Munthu ukamuyenda m'mbuyo tsiku ndi tsiku umam'dziwa kuposa amene amamuona kumaso. Titayandikira kalavati, nyimbo ija inazima. Ndinakumbukira kuti ulendo woyamba inazimiranso chapomwepo, ndipo chidendene chinayamba kukhula patsogolo pake. Ndinadziwa kuti tiyenera kubwerera. Koma ndikanayamba bwanji? Mawu akuti tibwerere ndi lamulo, ndipo mtengwa salamula.

Mwamwayi Lungowe anadzuka n'kuyamba kulira yekha, njala.

Apongozi anaima nthawi yomweyo. "Mwana alila," anatero. "Tibwelele."

Tsiku limenelo anafika kunyumba ndi miyendo yawo. Anadya okha, supuni osataya zambiri. Madzulo ndinawaona kuseri akuthirira repu ndi kachitini, madzi ena akutayikira pansapato, koma akuthirira. M'mawa mwake anadzuka pampando ulendo umodzi. Muyeso umene ba Mweemba analephera kundipatsa unali umenewo: pamene nyimbo yazima, chidendene chisanayambe.

Tsiku lotsatira tinafika pakalavati, nyimbo inazima, ndipo Lungowe anali m'tulo tofa nato, tsaya lili pamsana panga. Ndinam'gwedeza, sanadzuke. Apongozi anali kupitirira. Ndinaona mopane kutsogolo, ndinaona wilibala, ndinaona ba Nakatindi atanyamula mwana wanga pageti ine ndili panja. Dzanja langa linapita kumbuyo, linalowa m'chitenje, ndipo ndinam'tsina pantchafu.

Analira kulira kumene sindinamumvepo.

"Mwana alila. Tibwelele."

Ndinachita zimenezo miyezi iwiri. Ndikulemba monga zinalili. Si tsiku lililonse, chifukwa masiku ena ankalira yekha, ndipo masiku a sitima ndi a Sabata sitinkapita. Koma masiku ambiri. Ndinkasinthasintha ntchafu. Ndinaphunzira kutsina ndi nsonga za zala osati zikhadabo. Pobwerera ndinkamuimbira, n'kumulonjeza tinthu timene sakanamva. Ndinkadziuza kuti kutsina kumodzi n'kwabwino kusiyana ndi kukula wopanda mayi.

Ndipo zinkayenda. Apongozi anayamba kudzimangira mabatani a malaya. Anapita ku tchalitchi kawiri. Aneba anayamba kunena kuti mudala wabwerera.

"Ni mapilisi yaja," anatero ba Nakatindi, akuwayang'ana akusamba m'manja okha.

"Mapilisi ya chani," anayankha Mubiana. "Ni ulendo wanga wa ku Maramba. Ninachosa nguwe."

"Unafuna kuchosa na moyo pamozi."

Ine ndinali pambali ndikusenda anyezi, ndipo palibe anandifunsa. Sindinkafunanso kufunsidwa. Ndinali wotopa kutopa kosatha ndi tulo. Kutunga madzi, matewera, phala, njanji, kuphika, kusita, ndipo pansi pa zonsezo mantha amene sankapita kulikonse.

Amene anasintha ndi Lungowe. Tikangokwera panjanji ankauma kumsana kwanga, timiyendo titandikanikiza m'nthiti. Ndikapititsa dzanja kumbuyo kuti ndikonze chitenje chabe, ankayamba kulira ndisanam'khudze. Pomusambitsa ankakankha dzanja langa likafika pantchafu. Kusikelo nesi anam'vula, nayang'ana timadontho tobiriwira.

"Ivi ni vichani, mayo?"

"Ni nyelele," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nalemba kulemera kwake pakhadi. Ndinam'veka n'kutuluka. Koma m'mawa mwake tinafika pakalavati, ndipo ndinachitanso.

Mu Disembala, mvula itayamba, tinabwerako tsiku lina monga mwa masiku onse. Anakhala pampando wawo, ine ndinabwera ndi tiyi, kugwada, kuika kapu pakatebulo, kuwomba m'manja. Ndikuti ndidzuke, anakweza dzanja lonjenjemera lija.

"Bo ma-Lungowe, nkalani."

Ndinakhala pansi, chapatali.

"Ine nchito yanga yenze ya matu," anatero. "Ukamenya bauti yolimba, ikamba mwake. Yomasuka ikamba mwake. Olo uli na malungo, uzamvela."

"Eni sha."

"Mwana wa njala ayamba pansi, akwela pang'ono pang'ono. Uyu wanu pa kalavati ayambila pamwamba."

Lungowe anali pamphasa pafupi nane akutafuna chivindikiro cha poto. Ndinafuna kumunyamula n'kuthawa, koma sindinadziwe kothawira.

"Eni sha," ndinatero, chifukwa ndi mawu okhawo amene ndinali nawo.

"Si eni sha iyi." Anapuma, akusonkhanitsa mawu. "Sininamvele lelo. Ninamvela sabata yoyamba."

Ndinakweza maso, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pawo.

"Ninankala zii. Kubwelela chifukwa cha mwana chenze chapafupi. Mwamuna angabwelele chifukwa cha mwana, palibe nsoni. So ninamusiya alile." Kapu inagogoda pambale pamene ankaitenga, ndipo anaibweza osamwa. "Tamuchita tonse babili. Manje yakwana. Muli na kamwa, muzikamba."

"Ba Nakatindi banakamba ati siningakuuzeni vochita."

"Nakatindi agulisa nsomba. Panjanji palibe Nakatindi."

"Muzabauza?"

"Niuze ndani? Ati ine ninamvela muzukulu wanga alila miyezi ibili, ninangoyenda?"

Anatenganso kapu, ndipo ndinamvetsa kuti nkhani yatha.

Mawa lake kunacha kwa mitambo, masilipa ali onyowa. Tinayenda monga kale. Kalavati inafika, madzi ofiira akudutsa pansi pake, ndipo nyimbo inazima. Ndinati ndilankhule, koma ndinangowatsatira. Silipa limodzi, asanu, khumi. Chilolezo anali atandipatsa, koma chilolezo sichichotsa zimene unaphunzitsidwa uli wamng'ono. Lungowe anali atauma kale kumsana, akudikira.

"Bo ndate," ndinatero, koma mawu sanatuluke bwino. Ndinabwereza mokweza. "Bo ndate, tibwelele."

Anaima osatembenuka.

"Nikali na mpamvu."

"Mwaleka kuimba."

"Ine nimaimba?"

"Muimba. Mukaleka, ndiye kuti mpamvu yasala ni ya kubwelela chabe."

Ndinaona khosi lawo kumbuyo, mitsempha itaima. Dzulo lake lomwelo anali atandiuza kuti ndizilankhula, ndipo ndikhulupirira ankanena zoona. Koma kupempha kuuzidwa ndi kuuzidwa kumene ndi zinthu ziwiri.

"Nikali na mpamvu," anateronso, n'kuponda silipa lotsatira.

Dzanja langa linapita kumbuyo lokha. Ndinalimva likukhudza chitenje, ndipo Lungowe anakoka mpweya kukonzekera. Ndinalibweza. Ndinamasula mfundo zonse ziwiri, n'kumutsitsa, n'kukhala pa chitsulo chonyowacho, n'kumuika kubere. Anandiyang'ana modabwa asanayambe kuyamwa.

"Ine nasala pano," ndinatero. Sindikudziwa ngati anamva.

Ndinawerenga masilipa amene ankaponda. Pa lachisanu ndi chitatu chidendene chinakhula. Pa la khumi ndi chimodzi chinakhulanso, thupi linapendekera kutsogolo, ndipo mkaka unangoti zii m'mawere mwanga. Akanagwa pamenepo, sindikanafika. Ndinakhalabe. Pa la khumi ndi chinayi anaima.

Kutembenuka kwa munthu wa matendawa ndi ntchito payokha. Sazungulira kamodzi. Amadula timasitepe tambirimbiri, thupi lonse likutembenuka pamodzi ngati chitseko cholemera, ndipo pakati pa masilipa pali miyala yoterera. Ndinayang'ana zonsezo ndili pansi, mwana ali kubere. Anagwedera kamodzi, natambasula dzanja kugwira mphepo, nakhazikika. Kenako anayamba kubwera.

Atafika pamene ndinali sanaime.

"Mukamba monga folomani," anatero akudutsa.

Anafika kunyumba ndi miyendo yawo, koma chigawo chomaliza anachiyenda atagwira mipanda ya anthu, ndipo masana sanadye. Masiku awiri sanandilankhule. Ndikabweretsa tiyi ankayang'ana mango. Ba Nakatindi anazindikira.

"Mwabachita chani bo ndate?"

"Palibe."

"Bo ndate, mulamu akuchitani chani?"

"Aniyendesa," anayankha. "Si ndiye nchito munamupasa?"

Tsiku lachitatu anavala nsapato.

Ndikanakonda kulemba kuti kuchokera pamenepo ankandimvera. Ayi. Tsiku lililonse timakangana, mwaulemu, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Masiku ena amatembenuka msanga. Masiku ena amawonjezera masilipa atatu kuti asaoneke ngati alamulidwa, ndipo ine ndinaphunzira kulankhula masilipa atatu nthawi isanakwane. Ndikuganiza kuti zimenezonso akuzidziwa. Muyesowo suli malo amodzi. Akagona moipa umafupika, mapilitsi akasowa umafupika kwambiri, kukazizira mu Juni umatalikirako pang'ono. Palibe tsiku limene ndingatuluke pageti n'kunena kuti lero ndikudziwa.

Tsopano ndi 1997. Lungowe akuyenda yekha, atagwira chala changa, ndipo amalumpha masilipa motsanzira agogo ake. Ntchafu zake zilibe kanthu. Ngati akukumbukira, sanena. Apongozi sanagwebe, koma ba Mweemba anandiuza mosabisa kuti tsikulo lidzafika ngakhale nditayeza bwino chotani, chifukwa matendawa sayima. Ndinawapempha kuti akanene mawu omwewo pamaso pa ba Nakatindi. Anakanena. Ba Nakatindi anamvetsera, nati tidzaona.

Kalavati sitinaifike kuyambira chaka chatha. Kwa miyezi ingapo tinkabwerera pa nyumba zomalizira. Dzulo nyimbo inazima denga la nyumba yathu likuonekabe m'mbuyo.

"Bo ndate, tibwelele."

"Apa?"

"Apa."

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kutsogolo kumene zitsulo ziwiri zimakumana. Kenako anayamba kudula timasitepe tawo, ndipo ine ndi Lungowe tinadikira.